Kuseri kwa Chitseko

Ku siteshoni ya ozimitsa moto aliyense anali ndi dzina lomwe mayi ake sanamupatse. Kunali Aketulo, amene sankagwira ngakhale tsache asanamwe tiyi. Kunali Mphenzi, wa liwiro uja. Ndiye kunali Akuseri, bambo aafupi, a mapewa otambalala ndi imvi za m'mbali mwa makutu, amene anali atatha zaka makumi awiri ndi zisanu akukwawa mu utsi. Dzinali linabwera ndi khalidwe limodzi lokha: sankalowa m'chipinda chilichonse osasuzumira kuseri kwa chitseko. Mu ofesi ya akapitawo ankatero. Kuchipatala, pokazonda wodwala, ankatero. Tsiku la ukwati wa mwana wawo wamkazi, oyimba atayamba kale nyimbo, anakoka chitseko chachikulu cha tchalitchi n'kusuzumira, mkwatibwi ali pamkono.

Akazi awo, mayi wosoka makatani pa makina a pakhonde, anayamba ndi kukwiya nazo, kenako anatopa, mapeto ake anazisandutsa nthabwala. Akangomva chitseko cha pabalaza chikulira madzulo ankakuwa ali kukhitchini kuti chibwenzi chija chatulukira pawindo, bambo mwachedwanso lero. Akuseri ankayankha kuti tsiku lina adzachipeza, ndipo adzachipempha kuti chithandizeko kukonza denga. Ana awo atatu anakula akudziwa kuti pa chibisalirano kuseri kwa chitseko n'kutaya nthawi ngati bambo ali pakhomo.

Ntchitoyi anailowa mwangozi. Anapita kukafunsira ya udalaivala, anaima pamzere wolakwika, ndipo pomwe ankazindikira anali atakwezedwa kale makwerero ndi thumba la mchenga paphewa. Anaikonda pomwepo ndipo sanayang'anenso m'mbuyo. Ankanena kuti nyumba za anthu a m'tauniyo amazidziwa ndi mawondo: uyu ali ndi kapeti, uyu matailosi osweka, uyu amasunga nsapato za banja lonse pakhomo. Zipinda zambiri zimene analowamo moyo wawo wonse sanazione ndi maso. Anali munthu wosapupuluma, wodzidalira popanda kudzitama, ndipo pa wailesi ya m'manja ankalankhula ndi mawu omwewo amene ankaitanitsira mchere patebulo.

Ntchito yozimitsa moto anthu amaidziwa theka. Amaona madzi, payipi ndi galimoto yofiira n'kumaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma pali ena amene salowa m'nyumba kukalimbana ndi moto, amalowa kukafuna anthu, ndipo Akuseri anali a gulu limeneli. Mu utsi weniweni suona ngakhale dzanja lako, tochi imangokuonetsa utsi womwewo. Ndiye umagwada, pakuti pansi m'pomwe kutentha kumachepako, umaika dzanja lamanzere pakhoma ndipo sulichotsapo zivute zitani, chifukwa khomalo ndi lomwe lidzakubweze pakhomo. Dzanja lamanja ndi mwendo zimasesa pakati pa chipinda. Umapapasa pabedi, pansi pa bedi, mu wadiropu, m'bafa, popeza munthu wogwidwa ndi mantha amabisala malo oti ukamva ungaseke. Nthawi ndi nthawi umaitana, kenako umagwira mpweya n'kumvetsera. Mnzako amatsala pakhomo, mbali ya kunja, akugogoda pansi kuti usasokere.

Ndiye pali choko. Polowa umalemba mzere umodzi pachitseko, kutanthauza kuti muno muli wathu. Potuluka, ukatsimikiza kuti mulibe munthu, umakoka chitseko n'kudutsitsa mzere wachiwiri, pakhale mtanda. Wobwera pambuyo akaona mtanda sataya mpweya wopumira wa m'silinda ya kumsana kwake, amapitirira. Ntchito yonse yatsamira pa kachoko kameneka, ndipo pakati pa ozimitsa moto palibe chipongwe choposa kutsegulanso chitseko chimene mnzako wachilemba mtanda. Bola umutukwane pamaso pa apongozi ake.

Chimene akazi awo sankadziwa, ndi anzawo a ku siteshoni omwe, ndi ichi. Zaka makumi awiri m'mbuyomo, dzinali asanapatsidwe, Akuseri analowa m'nyumba ya alendo imene inkayaka m'mawa wina. Anali achinyamata, amphamvu, ndipo ankadziona ngati akatswiri. Chitseko china chinawavuta. Atathyola loko chinangotseguka pang'ono, iwo n'kuchikankha ndi phewa mpaka anapeza polowera. Anazungulira chipinda chonse ndi dzanja lamanzere monga anaphunzitsidwira, ndipo dzanjalo litagunda m'mphepete mwa chitseko chotsegulacho anadziwa kuti abwerera pomwe anayambira. Anatuluka, anakoka chitseko, analemba mtanda. Mawa lake, moto utazima, anatumidwa kukathandiza kuchotsa zinthu. Chitseko chija chinakananso chimodzimodzi, koma ulendo uno kunali kuwala kokwanira kuona chifukwa chake. Kuseri kwake kunali bambo wometa tsitsi amene anabwera m'tauni kudzagula makina atsopano. Utsi unamugwetsa pomwepo akufuna kutuluka, ndipo makinawo anali akadali m'thumba la jekete.

Palibe anawadzudzula. Akapitawo a nthawi imeneyo anati utsi unali woopsa, mwina bamboyo anali atafa kale iwo asanalowe. Akuseri sanakhutire nazo. Analira okha kuseri kwa galimoto, ndipo atapukuta misozi analumbira kuti mpaka tsiku lovula yunifolomu sadzasiyanso munthu kuseri kwa chitseko. Anzawo a nthawi imeneyo ena anapuma, ena anamwalira, nkhani inaiwalika, kunangotsala dzina ndi nthabwala. Obwera kumene ankawauza ndithu kuti aziyang'ana kuseri kwa chitseko, koma chifukwa chake sankanena, manyazi ankawatseka pakamwa, ndiye achinyamatawo ankangoti ndi zokonda za madala. Pamenepa Akuseri analakwitsa, tisawabisire. Tsopano kunali kutatsala miyezi inayi kuti apume pa ntchito, lumbiro lawo likadali bwinobwino.

Mphenzi anali mlamu wawo, mlongo wake wa mayi a kunyumba. Anali wamtali, wowonda, wa zaka khumi pa ntchitoyi, ndipo kunena zoona ankaidziwa. Ankatha kusesa nsanjika yonse anzake asanamalize mafulati atatu, ndipo anthu anayi anali moyo m'tauniyo chifukwa cha liwiro lakelo. Vuto lake linali lakuti iyenso ankadziwa zimenezi. Pa tebulo la tiyi ankakonda kunena kuti alamu ake amafufuza chipinda ngati akufuna kuchigula. Akuseri ankayankha mofatsa kuti achemwali ake anakwatiwa ndi munthu wosapupuluma ndipo sanamvekepo akudandaula. Ankakondana anthu awiriwa, m'njira yovuta ija ya anthu pachilamu, ndipo Lamlungu lililonse Mphenzi ankadya kwa achemwali ake.

Tsiku limene tikunenali linali Lachitatu, chakumasana, dzuwa likuswa mtengo. Akuseri ankayanika mapayipi pabwalo pamene belu linalira. Nyumba yomwe inkayakayo inali ya mafulati, yosanja kasanu, ya kolido imodzi pakati ndi masitepe kumapeto, pansi pake pali mashopu. Moto unayambira pa nsanjika yachitatu, m'khitchini momwe wina anasiya mafuta pamoto n'kupita kukayankha foni, ndipo pothawa anasiya chitseko cha fulati yake chili chitsegulire. Anthu akamathawa moto amakumbukira wailesi ya kanema, ziphaso ndi nsapato za ku tchalitchi, koma kukoka chitseko, kumene kungatsekere moto m'chipinda chimodzi, kumawaiwalika. Utsi unadzaza kolido, unakwera masitepe n'kuyamba kulowa nsanjika yachinayi. Pamsewu anthu anali atadzadza, ambiri mafoni m'mwamba, ena akulangiza ozimitsa moto kagwiridwe ka payipi.

Akapitawo anali mayi wa mawu ochepa amene anayambira pa payipi ngati wina aliyense. Anagawa ntchito asanatsike bwinobwino m'galimoto. Awiri apite ndi payipi pa moto. Akuseri ndi Aketulo afufuze nsanjika yachitatu, pomwe pali moto, Mphenzi ndi mnzake atenge yachinayi, pakuti utsi umathamangira kumwamba ndipo okhala pamwamba pa moto ndi omwe amapezeka mosayembekezera. Yachisanu anatumako awiri ena.

Akuseri anagwira ntchito yawo monga mwa masiku onse. Chitseko chilichonse ankayamba achikhudza ndi kunja kwa dzanja, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, kuti amve ngati moto uli kuseri kwake. Mzere umodzi, kulowa, khoma kumanzere, bedi, pansi pa bedi, bafa, kenako pomaliza dzanja kuseri kwa chitseko, kutuluka, mtanda. M'mafulati asanu ndi imodzi sanapeze munthu, anangopeza mphaka mu wadiropu, amene anathokoza Aketulo powakanda pakhosi. Atatsika anapeza Mphenzi atafika kale, atavula chophimba kumaso, akumwa madzi, silinda yatsopano ili kale pamsana. Anali atanena kale kwa akapitawo kuti nsanjika yachinayi mulibe munthu, zitseko zonse mitanda yokhayokha.

Ndi nthawi imeneyo pamene bambo wina anaboola gulu la anthu, apolisi awiri akulephera kumugwira. Anali wogulitsa nyama, epuloni yoyera ikadali pathupi, nsapato imodzi itatsala kwinakwake m'njira. Mawu ankatuluka mobalalika, koma akapitawo anawatolera. Mkazi wake ndi namwino, amagwira ntchito ya usiku, masana amagona atatseka makatani onse ndi kukhoma chitseko. Mkaziyo anamuimbira foni mphindi zingapo zapitazo kuti m'nyumba mwadzaza utsi, akufufuza kiyi. Kenako foni inangokhala chete, ndipo poimbanso inkangoitana. Fulati yawo inali pa nsanjika yachinayi, chitseko chomaliza kumanja.

Mphenzi anayankha mwaulemu koma mosakayika. Anati fulati imeneyo walowamo yekha, bedi walipapasa, pansi pake, bafa, wadiropu, ngakhale kuseri kwa mpando wautali wa pabalaza, mulibe munthu. Akapitawo anati mwina mayiyo anatsika kale ndipo ali pakati pa anthu, foni anaitaya pothawa. Anatuma wapolisi kuti akafunse ku ambulansi ndi kuseri kwa nyumba. Zinali zomveka, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Kenako Mphenzi, akupukuta thukuta, anawonjeza kanthu kena, osati kwa akapitawo koma kwa mnzake, mongodandaula. Anati anthu a m'mafulatiwa amaunjika katundu kuseri kwa zitseko, chomaliza chija wathyola loko koma chinangotseguka pang'ono, mpaka wachita kuchikankha ndi phewa.

Akuseri anachita mantha, mantha enieni, kwa nthawi yopuma kawiri. Kenako anagwada pansi n'kuuza dalaivala kuti awasinthire silinda, pakuti zothamangira m'moto ndi mpweya wotsalira ndi za m'mafilimu, ndipo kumeneko anthu ake safa. Dalaivala akumasula ndi kumanga kumsana kwawo, iwo analankhula ndi akapitawo ali chigwadire.

"Bwana, ndikupempha chitseko chimodzi. Chomaliza kumanja."

"Chili ndi mtanda," anatero akapitawo.

"Ndikudziwa."

Onse amene anali pafupi anasiya zimene ankachita. Aketulo anayang'ana pansi. Mphenzi anatsitsa botolo la madzi pang'onopang'ono, nkhope itasintha, n'kufunsa ngati alamu ake akunena kuti choko chake chimanama. Anafunsa motsitsa mawu, ndipo aliyense womudziwa anazindikira kuti wapsa mtima kwenikweni. Akuseri anadziwa chimene akuchita. Akapanda kupeza munthu, adzakhala atanyoza mlamu wawo pamaso pa gulu lonse popanda chifukwa, ndipo za Lamlungu kwa achemwali zithera pomwepo. Anaziyeza zimenezi, zinapepuka.

"Choko sichinama, alamu. Mwafufuza monse mmene munaphunzitsidwa. Tiyeni limodzi mukandionetse chitsekocho."

Akapitawo anawayang'ana, anayang'ana utsi wotuluka m'mawindo, anamvetsera wailesi. A payipi ankati moto akuugwira koma denga la m'kolido ya nsanjika yachitatu layamba kugwa, masitepe akadali bwino. Akapitawo anali atagwira ntchito ndi Akuseri zaka khumi ndi ziwiri ndipo sanawamvepo akupempha chinthu chopanda mutu. Anati apite, awiri, chitseko chimodzi chokha, ndipo analamula kuti galimoto ya makwerero isunthire mbali ya kumapeto kwa nyumba.

Anakwera motsatira payipi mpaka nsanjika yachitatu. Kupitirira pamenepo kunalibe payipi, kunali chitsulo chogwirira cha masitepe basi, chotentha ngakhale m'magolovesi. Pa nsanjika yachinayi anagwada. Utsi unali utatsika kufika pansi penipeni, wakuda bii, ndipo pansi pomwe ankakwawapo pankatentha mawondo chifukwa moto unali pansi pake. Mphenzi anali patsogolo, akukwawa ndi mkwiyo, Akuseri atagwira chidendene cha nsapato yake, akuwerenga zitseko ndi dzanja lina. Choyamba, chachiwiri, chachitatu. Pa chachinayi Mphenzi anaima, anayandikitsa tochi mpaka inagunda thabwa, ndipo mtanda wake unaoneka, wolembedwa bwino, mizere iwiri yowongoka. Anaumenya ndi chala kawiri kuti alamu ake aone.

Akuseri sanagwiritse phewa. Anaika zala pachitseko n'kukankha pang'onopang'ono. Chinayenda kamtunda kochepa, kenako chinaima. Katoni kapena mpando zimaimitsa chitseko mouma, umamva kugunda. Ichi chinaima mofewa, n'kubwerera pang'ono. Manja awo anakumbukira kuima kumeneku mutu usanakumbukire. Mpatawo unali waung'ono, wosakwana mapewa awo, ndiye anagwira mkono wautali wa Mphenzi, anaupititsa pampatapo n'kuupinda kuzungulira m'mphepete mwa chitseko. Anagunditsa chophimba kumaso chawo pa cha mlamu wawo kuti mawu amveke.

"Pisani dzanja. Pansi."

Anamva mkono uja ukupapasa, kenako unauma gwa. Mphenzi ananena mawu amodzi okha, phazi. Zitatero liwiro lake lija linagwira ntchito yake. Analowa chammbali pampata uja, anakankha chitseko kuti chitsekeke, anakoka mayiyo kumuchotsa pakona, n'kutsegulira alamu ake. Namwinoyo anali atagona chopinda, nkhope pansi pafupi ndi mpata wa kunsi kwa chitseko, makiyi ali m'manja. Akuseri anavula golovesi, anaika dzanja pachifuwa pake n'kugwira mpweya wawo. Chifuwa chinakwera pang'ono, chinatsika, chinakhala nthawi yaitali, chinakweranso.

Mphenzi anali atamugwira kale m'khwapa kuti amukokere kukolido, njira yomwe anadzera. Akuseri anamuletsa. Iwo anali ndi mpweya pamsana, mayiyo analibe, ndipo masitepe anayi a utsi umene uja akanamumaliza asanafike pansi. Anatseka chitseko cha kukolido, n'kuchitsamiritsa kabati ya nsapato popeza loko anali wothyoka. Anamukokera kuchipinda chogona, anatsekanso chitseko cha kumeneko, ndipo zitseko ziwiri zili pakati pa iwo ndi moto m'pamene anang'amba makatani n'kutsegula windo. Utsi wa m'chipindamo unayamba kutuluka, kuwala kunalowa. Akuseri anatenga wailesi n'kunena ndi mawu awo aja oitanitsira mchere kuti munthu wapezeka, akupuma, makwerero abwere pa windo lomaliza la nsanjika yachinayi. Makwerero anali kale m'njira, pakuti akapitawo sanadikire kuuzidwa.

Mphenzi ndi amene anatsika naye. Akuseri anatsala pawindo akuyang'ana pansi. Anaona a ambulansi akumuveka mayiyo chopumira, anaona mwamuna wake akugwidwa ndi apolisi kuti asasokoneze, anaona nthawi ikupita popanda chosintha. Kenako mwendo wa mayiyo unapindika, thupi lonse linagwedezeka ndi chifuwa, ndipo bambo wa epuloni uja anakhala pansi m'madzi akuda a pamsewu n'kuyamba kulira ngati mwana. Akuseri anakondwa kwambiri. Asanakwere makwerero anabwerera kukafufuza fulati yonse kachiwiri, zitseko zake zonse, pakuti mtanda wa pakhomo uja tsopano unali wawonso.

Chakumadzulo, dzuwa litapendeka, anali pabwalo la siteshoni akutsuka mapayipi. Uthenga unali utabwera kuchokera kuchipatala kuti namwinoyo watsitsimuka, akulankhula, ndipo wayamba kale kuuza anzake kaikidwe ka diripi. Anzawo ankamumenya Mphenzi pamsana kuti munthu wachisanu kumupulumutsa ameneyo, popeza onse anamuona akutsika naye pa makwerero. Iye anali atapita kale yekha mu ofesi ya akapitawo kukanena zonse mmene zinayendera, osachotsapo kanthu. Tsopano ankakwecha payipi imodzi yomweyo, malo amodzi omwewo. Ena atalowa kukamwa tiyi anatsala awiri.

"Ndinamukankha ndi phewa, alamu," anatero Mphenzi, osadzutsa mutu. "Munthu ali pansi, ine ndikumukankha ndi chitseko. Kenako ndinamulembera mtanda."

Akuseri anamukumbutsa kuti potuluka anakoka chitseko, monga lamulo likunenera, ndipo chimenecho ndi chomwe chinatsekereza utsi wa m'kolido mpaka iwo anabwerera. Akanachisiya chitsegulire bwenzi akunena zina. Anamukumbutsanso kuti pampata uja iwo sakanakwanapo. Zonsezi zinali zoona, koma Mphenzi sanazimve. Anaika burashi pansi n'kufunsa chimene chinkamuvuta, kuti iwo anadziwa bwanji, ali pansi pamsewu, chitsekocho asanachione n'komwe.

Akuseri anatseka mpopi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi awiri ananena nkhani ya wometa tsitsi uja, yonse, kuyambira loko mpaka makina a m'thumba la jekete. Sanaikometse ndipo sanadzichepetsere mlandu. Anapepesanso kuti akanainena kalekale pa tebulo la tiyi, m'malo molola kuti anthu aziseka, bwenzi lero dzanja la mlamu wawo litapita lokha kuseri kuja.

"Wanu mwamupeza lero, alamu, akupuma," anatero. "Wanga ndinamupeza mawa lake."

Mphenzi anatola burashi, anasuntha, n'kuyamba kukwecha mbali ina ya payipi. M'mawa mwake Akuseri anainenanso nkhaniyo pa tebulo la tiyi, gulu lonse lilipo, ndipo Aketulo anaiwala kapu yawo mpaka tiyi anazizira. Kunyumba anali atainena kale madzulo a Lachitatu lomwelo, ali pakhonde, akazi awo atasiya katani pakati pa msoko. Mayiwo anangofunsa ngati wometayo anali ndi ana, ndipo Akuseri anati awiri, anali atafufuza kalekale.

Lamlungu Mphenzi anabwera kudzadya monga mwa masiku onse, atanyamula buledi ndi malalanje. Anapeza alamu ake pakhonde akuthira mafuta makina osokera, anapatsana moni, ananyozana pang'ono za mpira, n'kulowa limodzi, Mphenzi patsogolo. Atangodutsa pakhomo la pabalaza anaima. Mwina sanadziwe n'komwe kuti akuchita chiyani. Dzanja lake linakoka chitseko, mutu unapendekera kuseri, ndipo chitsekocho chinalira kulira kwake kuja kumene nyumba yonse inkakudziwa.

Akuseri anadikira nthabwala ya chibwenzi chotulukira pawindo. Anali atakonza kale yankho lake. Kukhitchini kunamveka supuni ikuikidwa pambale, kenako mawu a akazi awo, odekha, opanda kuseka.

"Kulibe munthu, achimwene. Ndayang'anako kale."